Mbaula ya Maliro ya a Wisikesi

Mwezi uno chaka chakwana chitisiyireni a Wisikesi, ndipo pabwalo pathu pano ku Dunoon palibe ngakhale mmodzi amene watchula dzina lawo. Anthu inu! Munthu amene anakuyatsirani moto pa maliro a amuna anu ndi a alamu anu, lero mwamuiwala ngati chitsa cha m'munda? Ine zimandiwawa. Ndiye ndati ndinene ndekha, kaya mumva kaya simumva.

Anali mkulu wa ku Ntcheu, wamtali, wowonda, wa nsidze imodzi. Anafika ku Cape Town ambirife tisanadziwe n'komwe kuti kuseri kwa Joni kuli mzinda wina. Tonse tinkawaitana agogo, ngakhale mdzukulu wawo weniweni palibe anamuonapo. Ine ankanditchula ndi mfunda wanga, aNangozo. Chipinda changa ndi chawo zinalekanitsidwa ndi lata limodzi, moti akatsokomola ndinkadziwa kuti adzuka.

Katundu wawo anali bedi, wailesi, jekete ya kutchalitchi, ndi mbaula. Sindikunena mbaula yathu ya makala ija ayi. Iyi inali ya gasi, zija azungu amaotcherapo nyama pa bulayi, yaikulu, yakuda, ya mateyala anayi, chivindikiro chake chotseguka ngati cha bokosi. Kutsogolo kwake kunali mabatani atatu opotokola, ndipo m'kati munali mabena atatu, ndiye kuti timapaipi tachitsulo ta mabowomabowo momwe moto umatulukira. Mabena awiri ankayaka. Yachitatu, ya kumanzere, inali yakufa, ndipo zaka zonse zimene ndinawadziwa a Wisikesi ankasaka ina yoti ilowe m'malo mwake.

Nyama sinaotchedwepo pa mbaula imeneyo. Pa Khirisimasi anyamata ankachita kuwagwadira, iwo n'kukana kwamtuwagalu. Ankati moto wolirira anthu saotchera soseji.

Kwathu pakagwa zovuta, chinthu choyamba ndi moto pabwalo la siwa. Koma kuno nyumba ndi za malata ndi matabwa, zogundanagundana, ndipo mphepo yake ikayamba imachita kukuvula chitenje. Ukasonkha nkhuni ndiye kuti waotcha mzere wonse. Eni mabwalo analetsa, ndipo sindiwada. Chonsecho thupi limakhalitsa kumochale podikira mapepala ndi galimoto yopita kumudzi. Masiku onsewo anamfedwa azikhala pati? Apa m'pamene a Wisikesi ankatulukira. Ankakankha mbaula yawo mpaka pakhomo pa siwa, n'kumanga botolo la gasi, n'kuyatsa mabena awiri aja pang'onopang'ono. Abambo ankazungulira n'kumawotha, amayi tinkaphikapo madzi a tiyi. Iwo ankakhala pambali pa kireti, osauzimitsa mpaka thupi litanyamuka.

Ankanena kuti munthu akafera kuchilendo amasokonezeka, sadziwa kumene kuli anthu ake. Moto ndi umene umamuuza kuti khala apa, udikire galimoto. Popanda moto, ankatero, womwalirayo amangoyendayenda m'misewu ya eni, kufunsa njira m'chilankhulo chimene palibe akumva. Ankazinena izi mosaseka, ngati akukuuza mtengo wa basi.

Teyala limodzi la mbaulayo linkalira, kwii, kwii. Mafuta anathirapo, silinasiye. Tinazolowera kuti tikamva kulira kumeneko m'tinjira ta pakati pa nyumba, timasiya chilichonse n'kufunsana kuti ndani.

Loweruka lililonse masana linali tsiku lokonza. Mphepo ya kunyanja kuno imadya chitsulo, dzimbiri limachita kumera ngati bowa. Ankachotsa mabena, n'kuwapala ndi burashi ya waya, n'kumabaya kabowo kalikonse ndi singano. Ankauzira m'mapaipi kuti atulutse akangaude, amene amakonda kumangamo nyumba n'kutseka njira ya gasi. Akamaliza ankapaka madzi a sopo polumikizira ponse n'kumayang'ana ngati patuluke thovu. Sikuti anali katswiri ayi, ankalakwitsa ndithu. Nsidze ija inapita tsiku limene anaika kamphuno kotulutsa gasi kochokera pa chitofu china, ka bowo lalikulu, moto n'kuwalumphira kumaso. Kuyambira pamenepo ankati zitsulo zili ngati banja, kufanana si kukwanirana.

Matenda aja amene anatitsekera m'nyumba atawagwira, anachira, koma mphuno inafa. Sankamvanso fungo lililonse. Ndiye Loweruka ndikangoti ndipumeko, lata lija linkagogodedwa.

“ANangozo, tandibwerekeni mphuno yanu.”

“Agogo, ine ndatopa. Ndakhala ndikukolopa nyumba ya eni sabata yonse.”

“Mphuno sikolopa, mayi. Bwerani.”

Ndinkapita ndikung'ung'udza, n'kugwada, n'kumanunkhiza mapaipi ngati galu. Iwo ankapezerapo mwayi wondiphunzitsa, akuti onani, botolo la gasi silimangidwa ngati chitsekero cha botolo la mafuta, limamangidwa chobwerera, kupotokolera kumanzere. Ine ndinkangoti eya, eya, maganizo ali pa zovala zimene ndanyika m'beseni.

Anthu ankawakonda, mpaka nkhani ya Yohane. Yohane anali mnyamata wa ku Dedza, mlonda pa nyumba ina yosungira katundu ku Milnerton, ndipo ankakhala ndi mkazi wake Esinati mzere wachiwiri kuchokera kwathu. Loweruka lina a Wisikesi anagogoda kwawo kukabwereka sipanala. Lolemba m'mawa takisi inamuwomba Yohane akuwoloka msewu waukulu, n'kufera pomwepo.

Ine ndinali m'nyumba ya siwa pamene tinamva kwii, kwii, ikubwera. Esinati, amene chiyambire m'mawa anali chigonere pamphasa, anadzuka n'kukaima pakhomo.

“Agogo, Loweruka munabwera kudzatani kwathu kuno?”

“Kudzabwereka sipanala, mayi.”

“Nyumba zonsezi, sipanala munaiona kwathu kokha? Mbaulayo munkakonzera ndani?”

“Ndimakonza Loweruka lililonse, anthu onsewa akudziwa.”

“Bodza! Munabwera kudzamuyeza mwamuna wanga. Chotsani chinthu chanucho pakhomo panga, chotsani!”

A Wisikesi anatulutsa sipanala ija m'thumba, anaiika pansi pafupi ndi chitseko, n'kubweza mbaula yawo. Koma sanapite nayo kunyumba. Anakaiimika pamphambano pa kanjira, moyang'anana ndi zenera la Esinati, n'kuyatsa pomwepo. Inali nyengo yozizira, mvula yowaza ija yosatha. Anakhala pa kireti, ambulera ataphimbira moto m'malo modziphimba okha, mpaka tsiku limene thupi la Yohane linanyamuka. Palibe bambo ngakhale mmodzi anapita kukawotha nawo. Ine ndinkawapititsira tiyi, ndipo ndikawauza kuti alowe m'nyumba angadwale, ankangoti mnyamatayo sanandithamangitse, wandithamangitsa ndi mkazi wake.

Kuyambira pamenepo aliyense anayamba kukumbukira. Uyu akuti kwathu anadzapempha waya mlamu wanga asanamwalire. Uyo akuti kwathu anadzafunsa pulayala. Nanga munthu wokonza chinthu sabata iliyonse, ndi nyumba iti imene sanapempheko kanthu? Koma mantha alibe makutu. Akawaona akubwera, anthu ankabisa zida ndi kulowetsa ana. Maliro ena anayamba kuchitika osawaitana. Ndipo ndisaname, nanenso Loweruka lina ndinkati ndikamva burashi ikupala chitsulo kuseri kwa lata, ndinkadzifunsa kuti akukonzera ndani.

Nkhani ya kumene mbaulayo inachokera anandiuza Lamulungu lina masana, Yohane atapita kale. Kunali nkhungu yoti phiri lalikulu la mzinda uno lonse linasowa. Anati zaka zambiri anagwira ntchito ku Sea Point kwa mzungu wina wokalamba, wamasiye, amene ana ake onse anali kutsidya kwa nyanja. Ankamuphikira, kumuchapira, pomaliza mpaka kumusambitsa. Mbaulayo inkakhala pakhonde la m'mwamba, yosagwiritsidwa ntchito chimwalirireni mkazi wake. Tsiku lina mzunguyo anawatuma kukagula mankhwala. Pobwera anapeza mkuluyo ali pampando pakhondepo, atavala suti, atauma kale. Chivindikiro cha mbaula chinali chotsegula, bena ya kumanzere ikuyaka yokha, pamwamba popanda nyama, popanda poto, popanda chilichonse.

“Anadziyatsira yekha moto wa maliro, aNangozo,” anatero a Wisikesi. “Ankadziwa kuti palibe womuyatsira.”

Atazimitsa tsiku limenelo, bena imeneyo sinayakenso. Inang'ambika m'mbali monse. Ana a mzunguyo atabwera kudzagulitsa nyumba anawauza kuti atenge chimene akufuna, iwo n'kutenga mbaula. Ankati bena ija inafa ndi manyazi chifukwa inayatsidwa ndi mwini maliro, ndipo mbali imeneyo iyenera kudzayakanso ndi dzanja la munthu wina. Kenaka anandiyang'ana ndi diso lopanda nsidze lija.

“Kumudzi amene ankandidziwa anatha. Kuno mwaona nokha mmene anthu akundionera. Maliro n'kulirana, koma ine ndikuona ngati ndidzatsala panjira. Tsiku langa likadzafika, mudzandiyatsira?”

“Agogo, nkhani zanji zimenezi masana ano?”

“Ndafunsa, mayi.”

Ndinavomera. Ndikanatani, munthu wamkulu akukupempha chotero? Koma usiku wake sindinadye.

Kusaka bena ija ndiye kunali ntchito. Yakufayo ankaikulunga m'nyuzipepala n'kuyenda nayo wapansi mpaka ku Montague Gardens, sitolo ndi sitolo, kumene amagulitsa zida za gasi. Kulikonse ankawafunsa dzina la mbaula ndi nambala yake, koma kachitsulo kolembedwa zimenezo kanadyedwa ndi dzimbiri kalekale. Ena ankati mtundu umenewu anasiya kupanga, gulani yatsopano madala. Anabwera nazo zingapo zongofanana. Ina inali yaifupi, yosafika pokolekera kumbuyo. Ina kukamwa kwake kunali kwakukulu, kosagwira kamphuno ka gasi. Zonsezo zinathera pansi pa bedi.

Munthu mmodzi yekha amene sanasiye kuwabwereka zida anali Che Amadu, Msilamu wa ku Mangochi, wowotcherera zitsulo konko ku Montague Gardens. Iye mantha analibe. Ankaseka n'kumati, “Akulu, ife timaika msanga, mbaula yanuyo ikamafika ndiye kuti tabwerako kale kumanda.” Anayesapo kuwapangira bena, kuboola paipi ndi dirilo, n'kukaiyesera kuntchito kwake. Moto wake unali wachikasu, wolira ngati pulaimasi, wodetsa ndi mwaye. A Wisikesi anapukusa mutu, akuti pa maliro safuna moto wolongolola. Anakangana tsiku limenelo mpaka Che Amadu anawauza kuti ndinu nkhalamba yovuta kuposa apongozi anga. Mawa lake anali limodzi akumwa tiyi.

Ndi Che Amadu yemweyo amene anaipeza bena ija, chaka chathachi dzinja la kuno likuyamba. Kumalo ogula zitsulo zakutha anaona chigoba cha mbaula yofanana ndendende, chophwanyika, koma bena imodzi ili yamoyo. Inatalika pang'ono, ngati chala, ndiye anaidula kumchira n'kupinda. Loweruka lake a Wisikesi anaiika. Inalowa kuti khethe, ngati inabadwira momwemo. Anamanga botolo, anapaka sopo, thovu silinatuluke. Anapotokola batani la kumanzere pang'ono, tinamva kuti sii, ndipo ine ndinanunkhiza gasi akutuluka m'mabowo onse kuyambira kutsogolo mpaka kumchira.

“Yatsanitu tione, agogo,” ndinatero.

Anatseka batani, anamasula botolo, anavindikira. “Imeneyo si yanga kuyatsa,” anatero, n'kulowa m'nyumba. Che Amadu sanaseke ulendo umenewu.

Sipanapite nthawi yaitali. Tsiku lina abwana anga anandiwerutsa msanga, ndipo ndinafika pabwalo dzuwa lisanapendeke, ngakhale kuti dzuwalo silinkaoneka ndi nkhungu. Ndinawapeza atakhala pa kireti pambali pa mbaula, atatsamira mpanda, atavala jekete ya kutchalitchi, nsapato zopolishidwa. Ndinapereka moni, sanayankhe. Nditawagwira dzanja linali lozizira. Chivindikiro cha mbaula chinali chotsegula. Botolo la gasi analikokera pafupi, koma losamanga. Bokosi la machesi linali pamiyendo pawo, lotseka.

Mayo ine! Gasi anali nawo, machesi anali nawo, nthawi yovala jekete ndi kupolisha nsapato anali nayo. Akanatha kuchita zimene anachita bwana wawo uja. Koma anandidikira. Ndinalira pamenepo kuposa mmene ndinalirira bambo anga ondibala.

Apolisi atabwera ndipo galimoto itatenga thupi, anthu anali atadzaza pageti, koma palibe analowa. Ankangosuzumira. Wina anati chinthucho chitayidwe lero lomwe. Wina anati aliyense amene achiyatse ndiye wotsatira. Mayi mwini bwalo, Mxhosa, anandikoka pambali n'kundiuza kuti sisi, zisiye, usadziitanire tsoka. Che Amadu anali asanaweruke kuntchito. Ndinatsala ine ndi mbaula.

Ndinagwada, ndinatenga legyuleta, kachitsulo kolumikiza paipi ndi botolo kaja, n'kuyamba kupotokola. Sikanagwire. Ndinayesanso, kanangozungulira n'kugwa. Kugeti ndinamva akunong'onezana kuti yakana, mwaona, yakana. Ndinayesa kachitatu ndi mphamvu zanga zonse, osatheka. Mumtima ndinati kapena akunena zoona anthuwa, kapena mbaulayi ikumukana mwini wake, ndipo mkuluyu ayamba kale kuyendayenda m'nkhungumu. Ndinatsala pang'ono kudzuka n'kuthawa.

“Kumanzere, aNangozo.”

Ndinatembenuka. Anali Esinati, ali kutsogolo kwa gulu, mwana kumbuyo.

“Mukupotokolera kolakwika. Iwo ankamanga chobwerera. Ndinkawaona pazenera masiku onse aja, botolo likatha n'kumasintha pamvula.”

Analowa pageti, anagwada, n'kugwira botolo ndi manja awiri kuti lisagwedezeke. Ndinapotokolera kumanzere, kachitsulo kaja n'kugwira nthawi yomweyo. Ndinanunkhiza ponse, panalibe fungo. Ndinatenga machesi aja, ndinapotokola batani lachitatu. Moto unayamba pa kabowo koyamba n'kuthamanga umodziumodzi mpaka kumchira, wobiriwira ngati wa sipiriti, wachete, wosalira ngakhale pang'ono. Nditayesa mabena awiri akale aja, amene anayaka pa maliro onse a m'dera lino, sanayake. Kaya ndi akangaude, kaya n'chiyani, ine sindidziwa. Ndipo tonse amene tinali pamenepo tinamva teyala lija likulira kamodzi, kwii, popanda munthu wokankha.

Esinati sanasunthe. Anatambasula manja n'kuyamba kuwotha. Kenaka analowa bambo mmodzi, kenaka wina, chipewa kumanja. Pofika Che Amadu, bwalo linali litadzaza ndipo amayi anali atayamba nyimbo. Anaima n'kuyang'ana motowo nthawi yaitali, n'kungoti, “Nkhalamba ija inkadziwa moto umene inkafuna.”

A kutchalitchi anafufuza mpaka anapeza mwana wa mchemwali wawo ku Ntcheu woti alandire thupi. Masiku onse odikira, bena imodzi ija inayaka osaphethira, ine ndi Esinati tikusinthana pa kireti. M'mawa umene galimoto inanyamuka, itangokhota pakona, moto unazima wokha. Tinati gasi watha. Che Amadu ananyamula botolo n'kuligwedeza, tonse tinamva akukhuvuka m'katimo.

Palibe anafuna kuisunga mbaulayo, ndipo ine chipinda changa n'chaching'ono. Sabata yotsatira ndili kuntchito, mwini bwalo anaitana anthu a ngolo ya hatchi ogula zitsulo, n'kuitenga. Chichokereni, maliro agwa kangapo m'dera lino. Anthu amakhala m'nyumba mozungulira hita ya magetsi, magetsi akathima amangokhala choncho atafunda mabulangete. Sindidziwa kuti omwalirawo amadikira pati.

Chipinda cha agogo muli anyamata awiri a ku Zomba tsopano, amene sadziwa kalikonse. Koma pakona pamene mbaula inkaima palibe amaikapo kanthu, ngakhale bwalo ndi lothina moti timayanika zovala pamwamba pa zinzake. Pa simenti patsala madontho anayi a dzimbiri pamene panali mateyala. Pa mpanda pali mwaye, ndipo kireti ija ikadali pomwepo, yopendekeka mwendo umodzi. Mvula ikagwa, malo amenewo ndi amene amayamba kuuma. Galu wa mwini bwalo amagona pamenepo nyengo yozizira. Nthawi zina ndikamadutsa ndi ndowa ndimamva kafungo ka gasi, chonsecho pabwalo pano tonse timaphikira magetsi.

Dzulo m'mawa, kuli nkhungu yomweyo, ndinatuluka kuti ndikakwere basi. Ndinapeza Esinati ataima pakonapo, atatambasula manja pamwamba pa madontho anayi aja.

“Mukutani pamenepo, mayi a mwana?”

“Bwerani mumve nokha,” anatero, osatembenuka.

Ndinaika chikwama pansi, ndinakaima pambali pake, n'kutambasula manja anga. Basi inandisiya.